Momwe Ndinafafanizira Apongozi Anga mu Kompyuta

Mpaka lero ndikamva mthuthuthu ukuima pakhomo, tiyi amandiwawa m'kamwa. Ana anga amati ndi ukalamba. Si ukalamba ayi, abale anga. Pali nkhani, ndipo nkhani yake ine sindinatulukemo ndi ulemu. Ku Zemba kuli anthu a imvi zawo amene dzina langa lenileni analiiwala kalekale, amangoti a Fafaniza. Ndimayankha. Nanga ndingatani?

Zinachitika kumapeto kwenikweni kwa zaka za m'ma 1990. Ndinali mlangizi ku kabungwe kena ka zaulimi pa boma pa Chadiza, ndipo ntchito yathu inali yogawa mbewu ya mtedza kwa alimi a m'makalabu. Dera langa linali la Zemba, komwe n'kwawo kwa akazi anga, amake Tisa. Ine kwathu ndi ku Mlolo. Ku Zemba ndine mkamwini chabe, munda womwe ndimalima ndi wa apongozi. Amake Tisa ankagwira ntchito mu ofesi momwemo, pa taipi. Ine pa njinga, iwo pa taipi, madzulo tonse kunyumba. Moyo unali kuyenda bwinobwino.

Kenaka kunabwera kompyuta. Ikanabwera yokha ndikanailandira ndi manja awiri, koma inabwera ndi a Sakala.

A Sakalawa anali mnyamata wa ku Chipata, amene anapanga pulogilamu yosungira mayina a alimi athu. Ankadzitama kuti akuluakulu athu ku Lusaka amaona mayina omwewo pa intaneti, chikhalirecho ife tinkangowatumizira pa disiketi, kompyuta yathu nayo ikudalira jenereta. Munthuyo anali wa tayi, wa nsapato zonyezimira, zala zosalala zosadziwa mpini wa khasu. Perefyumu wake ankatsala mu ofesi mwini wake atafika kale ku Chipata. (Ine fungo langa linali la thukuta ndi girizi wa tcheni cha njinga. Sindikudandaula, ndikungofotokoza.) Choposa zonse, munthu ameneyu ankaitana akazi anga ndi dzina lawo la pa ubatizo. "Esinati, taonani apa." Esinati! Dzina lomwe ine mwini wake ndinasiya kulitchula tsiku lomwe Tisa anabadwa.

Bwana wathu, Mayi Tembo, anasankha amake Tisa kuti aphunzire makinawo poti zala zawo zinazolowera kale taipi. Anaikanso lamulo latsopano: lole ya mbewu ikabwera, wolandira ndi yekhayo amene dzina lake latuluka mu kompyuta. Wopanda dzina azibwerera ndi thumba lake lopinda.

Vuto loyamba silinachedwe. Ndinabwera ndi mapepala a alimi anga a ku Zemba, amake Tisa anayamba kulowetsa. Amayi onse analowa bwino. Atafika pa abambo ena, kompyuta inalira kuti tiii, n'kutulutsa kabokosi ka Chingerezi pa galasi. Kuyesanso, tiii. Mlimi wina, tiii. Mayi Tembo anapita ku positi kukaimba foni, ndipo m'mawa mwake mthuthuthu wa a Sakala unaima pakhomo pa ofesi.

A Sakala anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi akazi anga. Ndikati pafupi, ndikunena kuti ntchentche sikanadutsa pakati pawo. Ine ndinali ndi ulendo wa kumunda tsiku limenelo, koma njinga yanga inadwala mwadzidzidzi, moti ndinaigoneka pa zenera la ofesi n'kumaikonza mpaka dzuwa kupendeka.

"Vuto ndi laling'ono, Esinati," anatero a Sakala. "Mu kompyutamu mlimi aliyense amamangiriridwa kumudzi wake, mudzi nawo umamangiriridwa ku dera lake. Chingwe chakecho timati foreni kiyi. Mukalemba mlimi wa mudzi womwe mulibe m'ndandanda wa midzi, chingwe chimasowa pomanga, ndiye kompyuta imakana. Tsono midzi iyi ili kuti? Uwu sindinaumvepo, uwunso sindinaumvepo. Analemba ndani mapepalawa?"

Mitu yonse inatembenukira ku zenera.

Ndinalowa ndikupukuta girizi pa buluku. Midziyo ndinali kuidziwa. Mkamwini ukamufunsa kuti mudzi wanu ndi uti, satchula komwe akugona ndi kulima, amatchula kwa amake. Ena anatchula midzi ya ku Malawi. Anzathu aja anathawa nkhondo ku Mozambiki n'kukwatira kuno anatchula midzi ya kutsidya kwa malire, ina yoti mwina kulibenso. Ine ndinalemba momwe anandiuzira, nanga munthu ungamutsutse za kwawo?

"Inuyo achimwene, mudzi wanu ndi uti?" anandifunsa a Sakala.

Ndinatchula wa kwathu ku Mlolo.

"Nanga mumalima kuti?"

"Kwa amake Tisa."

"Ehe! Ndiye kuti kompyuta ikudziwani kudzera mwa Esinati. Popanda iwowa, inu simulowa."

Ofesi yonse inafa nacho chiseko. Koma amene anaseka kwambiri, mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, anali akazi anga. Ine nthabwala zanga zonse za zaka zija sanasekepo chotero. Mtima unandipweteka, abale, ndisaname.

Vutolo linakonzedwa, koma mthuthuthu sunasiye kubwera. Lero pulinta yadya pepala, mawa chakuti chakana. Kunyumba nkhani zinasintha. "A Sakala akuti disiketi isamakhale padzuwa." "A Sakala akuti ku Lusaka akazi amayendetsa galimoto." Tsiku lina ndinamva kuti a Sakala sathira shuga wambiri mu tiyi. Ndinathira masupuni anga onse mwadala, ndikuwayang'ana m'maso.

Ulendo wina njinga yanga itadwalanso pa zenera paja, ndinaona a Sakala atatsekula tsamba lomwe ndinali ndisanalionepo. Panali timabokosi titatu, la madera, la midzi ndi la alimi, tolumikizana ndi mizere. Dzanja lawo linali pamwamba pa dzanja la amake Tisa, ati kuwaphunzitsa kuyendetsa kamausi. (Kamausi kake kolemera bwanji kofuna anthu awiri?) Anadina pa mzere umodzi, panatuluka malo ochonga.

"Apa pokha musadzachongepo, Esinati," anatero. "Mukachonga apa kompyuta imasiya kukana, koma ndi poopsa kwambiri. Ikakana, mundiitane."

Ndinamva bwinobwino, palibe liwu lomwe linandidutsa. Koma nsanje ili ndi makutu akeake. Ine chomwe ndinatolapo n'chakuti mankhwala a matenda onsewa alipo, ali pa kabokosi kamodzi, ndipo sing'angayu akuwabisa dala kuti odwala azimuitanabe. Ndinaloweza njira yonse yofikira pa tsambalo. Kusukulu ndikanakhala ndi mutu wotero bwenzi ndili dokotala.

Mitambo itayamba kusonkhana cha kum'mawa, uthenga unafika kuti lole ya mbewu ili pafupi kubwera. Amake Tisa anayesa kutulutsa mayina a ku Zemba, koma anatuluka theka lokha. Atafufuza anapeza kuti dera la Zemba linalembedwa kawiri m'ndandanda wa madera, midzi ina inamangiriridwa ku Zemba woyamba, ina kwa wachiwiri. Anayesa kufafaniza Zemba mmodzi. Tiii. Kompyuta inakana, ati simungachotse dera lomwe pansi pake pali midzi.

"Mawa ndiuza Mayi Tembo aitane a Sakala," anatero amake Tisa, akutenga chikwama chawo. Linali tsiku la msonkhano wa amayi ku tchalitchi, ndipo ankachoka masana.

"Nanga mpaka kuvutitsa munthu wa ku Chipata pa kanthu kakang'ono ngati aka?" ndinatero.

"Atate ake Tisa, inu zanu ndi njinga. Muzimitse jenereta pochoka."

Mawu amenewo ndi amene anandimaliza. Zanga ndi njinga! Mayi Tembo anali atapita ku msonkhano wa pa boma, mu ofesi ndinatsala ndekha. Ndinakhala pa mpando wa akazi anga, ndinapinda manja a malaya. Kamausi kanandivuta poyamba, kamuvi kake kankathawira m'ngodya, koma ndinakagonjetsa. Tsamba la timabokosi lija linatseguka. Ndinachonga pa mzere wa madera ndi midzi. Poti ndine munthu wosakonda ntchito ya theka, ndinachonganso pa mzere wa midzi ndi alimi.

Ndinabwerera kwa a Zemba awiri aja, ndinasankha wachiwiri, ndinadina pofafaniza. Panatuluka kabokosi ka Chingerezi chambirimbiri, kofunsa ngati ndatsimikiza. Sindinawerenge mpaka pansi. Munthu wamkulu ngati ine, wa banja lake, makina azindifunsa ngati ndatsimikiza? Ndinavomera.

Zii. Palibe tiii. Zemba anatsala mmodzi.

Ha! Chimwemwe chake! Ndinaimirira n'kuzungulira tebulo. Ndinayerekeza ndi mayendedwe a a Sakala, dzanja limodzi m'thumba. M'maganizo mwanga ndinkaona amake Tisa akuuza amayi anzawo pa mjigo kuti atate ake Tisa akuti chakutichakuti. Ndinati ndione alimi anga onse ali pamodzi tsopano, ndisangalale bwino.

Ndinatsekula mndandanda wa alimi. Unali waufupi. Ndinatsitsa, ndinakweza, ndinatsitsanso. Midzi yonse ya cha kumtsinje kunalibe. Mudzi wa apongozi anga kunalibe.

Apa munthu wanzeru akanazimitsa jenereta n'kupita kukaulula. Ine ndinaganiza. Ndinati anthuwa sanapite patali, angosokonezeka chifukwa khola lawo ndagwetsa. Nkhuku ukaphwasula khola zimabalalika, koma ukamanga latsopano madzulo zimalowa zokha. Ndiye chofunika n'kugwetsa khola lotsalali, n'kumanga limodzi latsopano, lalikulu, kuti onse alowe pamodzi. (Musaseke. Nthawi imeneyo nzeru imeneyi inkaoneka yakupsa.)

Ndinafafaniza Zemba wotsala uja. Kabokosi kanafunsanso, ndinavomeranso. Ndinalemba Zemba watsopano ndi chala chimodzi, chilembo ndi chilembo, ndipo ndinadikira. Ndinatsekula mndandanda wa alimi. Mbee! Ndinatseka, ndinatsekulanso. Ndinazimitsa kompyuta, ndinaipatsa mpata woti iganize, ndinayatsanso. Ndinaimenya pang'ono m'mbali monga timachitira ndi wailesi. A ku dera la Mlolo analipo onse, a ku dera la Pembamoyo analipo onse. Ku Zemba kunalibe ngakhale munthu mmodzi.

Kalanga ine! Madzulo amenewo ndinatunga madzi, ndinawaza nkhuni, ndinasambitsa Tisa. Amake Tisa anandiyang'ana nthawi yaitali n'kufunsa ngati ndikumva malungo.

M'mawa mwake sizinatenge nthawi. Ndili panja ndikupopa njinga yomwe inali yopopa kale, ndinamva mawu a akazi anga, otsika kwambiri.

"Atate ake Tisa, talowani."

Ndinalowa. Mayi Tembo anali ataimirira kumbuyo kwawo, magalasi ali pa nsonga ya mphuno.

"Zemba ili kuti?" anafunsa amake Tisa.

"Si iyo apo? Imodzi, monga mumafunira."

"Anthu ake?"

Ndinayang'ana kudenga. Kenaka ndinafotokoza za nkhuku ndi khola. Sindinamalize, chifukwa Mayi Tembo anakhala pansi n'kugwira mutu ndi manja onse awiri.

"Amayi anga mwawafafaniza," anatero amake Tisa. "Amayi anga ondibereka. Ndi azakhali, ndi mbumba yonse."

Mayi Tembo anafunsa za disiketi yosungira. Inalipo, koma inakoperedwa mayina a ku Zemba asanalowe. Amake Tisa ankadikira kuti za ku Zemba zilongosoke kaye ndiye akopere zabwinobwino, ndipo ku Lusaka nako anali asanatumize. "Palibe kanthu," anatero Mayi Tembo, "tilowetsanso kuchokera pa mapepala. Bweretsani mapepala anu aja, alangizi."

Apa ndiye panagona nkhani. Mapepala aja amake Tisa atamaliza nawo anandibwezera, ndipo ine ndinaona kuti ntchito yawo yatha, poti zonse zili mu makina. Apongozi anga aamuna ankasuta fodya wopichira, ndipo pepala linali losowa kumudzi. Mkamwini amafunika kudzigulira dzina. Ndinawapatsa mtolo wonse, iwo anagawirako anzawo a pa bawo. Zemba yonse inali itapita ndi utsi.

Mthuthuthu unafika tsiku lotsatira. A Sakala anayang'ana pa tsamba lija, anaona pomwe ndinachonga, anaimba kaluzu.

"Achimwene, kukana kuja sikunali matenda ayi, kompyuta inali kukutetezani. Mukachonga apa mwaiuza kuti mayi akamachoka azitenga ana ake onse. Dera latenga midzi, midzi yatenga alimi. Chofunika chinali kusamutsa kaye midzi ija kupita ku Zemba mmodzi, winayo akatsala wopanda kanthu ndiye n'kumuchotsa. Ntchito yoti ikanatha tiyi wa m'kapu asanazizire n'komwe. Bwanji simunafunse?"

Safunsa anadya phula, ndikudziwa. Koma ndikanafunsa ndani? Iyeyo?

Chigamulo cha Mayi Tembo chinali chotere. Ine ndikwere njinga ndikalembenso alimi onse a ku Zemba, mudzi ndi mudzi, khomo ndi khomo. A Sakala akhale pa Chadiza kuthandiza amake Tisa kumanganso midzi ndi kulowetsa mayina mwamsanga lole isanafike. Ndipo poti bungwe silinakonzekere zogoneka mlendo, wolakwa ndiye amusunge.

"Kunyumba kwanu kuli chipinda chapadera, si choncho?"

Chinalipo. Ndinachimanga ndekha, ndi manja angawa.

Amati mlendo ndi mame, koma mame awa dzuwa linkawatulukira osakamuka. M'mamawa ine ndinkanyamuka ndi njinga, kusiya a Sakala pa khonde langa, pa mpando wanga wa ndalema, akumwa tiyi wa shuga wochepa m'kapu ya maluwa yomwe ine sindinaloledwepo kuigwira. Tambala wanga wamkulu, yemwe ndinkasungira Khirisimasi, anaphedwa tsiku loyamba lomwe. Tisa, mwana wanga weniweni, anayamba kuwatcha ankolo n'kumakwezedwa pa mthuthuthu kuzungulira bwalo. Masiku oti ndagona kumudzi chifukwa cha kutalika, tulo sitinkabwera. Ndinkangoona dzanja lija pa kamausi.

Kumidziko nako sikunali kopumira. Khomo lililonse funso linali lomwelo: "Suja munatilemba kale?" Ndipo ulendo uno mkamwini aliyense ndinkachita kulimbana naye kuti atchule mudzi wa akazi ake. Bambo wina wa ku Mozambiki anandiuza kuti nkhondo inamulanda mudzi kamodzi, ine ndisamulandenso kachiwiri ndi bolopeni. Ndinalemba mudzi wa akazi ake ndili chozyolika.

Koma khomo lomwe ndinkaliopa linali limodzi. Ndinalisiya komalizira. Ndinatsamiritsa njinga pa nkhokwe, ndinanjuta patali monga mwa mwambo, ndinaomba m'manja. Apongozi aakazi anali kusenda mtedza wodya, atandifulatira pang'ono. Titapatsana moni, ndinakhosomola.

"Ndabwera kudzalemba mayina a mbewu."

"Langa lija linatani, apongozi?"

"Linasowa pang'ono."

"Dzina limasowa? Ine ndakhala nalo chibadwire, silinasowepo. Tamva kuti mwatifafaniza. A kwanu ku Mlolo mwawafafanizanso?"

"Iyayi."

"Oho."

Oho ameneyo ndimamumvabe mpaka pano. Ndipo mwambo wa ofesi unkafuna kuti mlimi atchule yekha dzina lake, ndiye ine, mkamwini, ndinafunsa apongozi anga dzina lawo, pamaso pa anthu, nkhope ili pansi. Anandiyankha akuuza nkhuku. Ndikuti ndizinyamuka, apongozi aamuna anatulukira kuseri kwa nyumba, utsi uli tolotolo, maso ali pa mapepala anga atsopano.

"Aja anali abwino kwambiri, osazima msanga. Awa mukatha nawo musataye."

Mvula yoyamba inandipeza ndili pa njinga. Lole inabwera, a ku Mlolo ndi a ku Pembamoyo analandira n'kudzala. A ku Zemba mbewu yawo inakhala m'nyumba yosungira katundu kudikira mayina, ndipo pomwe ankailandira, mtedza wa anzawo unali utamera kale. Chaka chimenecho ku Zemba mtedza sunachite bwino. Mwina inali mvula, mwina nthaka, koma palibe anafunsa mvula kapena nthaka. Nkhani inali yakuti mkamwini wa ku Mlolo anakondera kwawo. Dzina lija linabadwa chaka chimenecho.

Tsiku lomwe a Sakala ankachoka, atanenepa ndi masaya omwe, anandigwira chanza mwaulemu n'kuthokoza chifukwa cha chisamaliro. Kenaka anati pali kanthu kamodzi kotsala. Anaika mawu achinsinsi pa kompyuta, oti popanda iwo siitseguka, kuopera ngozi ina. Anandipempha kuti nditembenuke. Ine, mwamuna wa mwini mpando, ndinayang'ana kukhoma ngati mwana wolakwa kusukulu. Kumbuyo kwanga ndinamva kunong'onezana, kenaka amake Tisa anati khi, kuseka kobisa kuja, ndiye zala zinagogoda.

Chodabwitsa n'chakuti mthuthuthu sunabwerenso kawirikawiri. M'masiku aja amake Tisa anaphunzira zonse, moti kompyuta ikati tiii ankadziwa okha chingwe chomwe chasowa pomanga. Tinganene kuti cholinga changa chinatheka, ngakhale ndinalipira tambala, mtedza wa dera lonse ndi dzina langa.

Koma mawu aja. Bungwe lija linatha kalekale, kompyuta ija mbewa zinamangamo zisa, a Sakala sindidziwa ngati ali moyo. Ine ndi amake Tisa tili ndi zidzukulu. Ndawafunsa mokoma, ndawafunsa mokalipa, ndinawafunsapo ali m'malungo. Dzulo lomweli tikusenda mtedza pa khonde ndinayesanso.

"Amake Tisa, tonse takalamba. Kodi mawu aja anali oti chiyani?"

Anasiya kusenda, anayang'ana kumsewu, ndipo kuseka kobisa kuja kunabwera, komwe kuja kwa tsiku lija.

"Atate ake Tisa," anatero, "inu zanu ndi njinga."